Federated learning pa kompyuta imodzi: GPU ikudzaza ndipo accuracy sikukwera

Thoko_M

Moni nonse. Ndikuyendetsa simulation ya Flower, framework ya federated learning (client aliyense amaphunzitsa modelo pa deta yake, seva n'kuphatikiza ma weight awo raundi iliyonse), pa kompyuta imodzi: ma core 8, RAM ya 32 GB, GPU ya 8 GB. Modelo ndi ResNet-18 ya torchvision, yozindikira zithunzi, deta ndi zithunzi za CIFAR-10. Zithunzi 50,000 zophunzitsira ndazigawa kwa ma client 100 ndi DirichletPartitioner, alpha 0.1 (alpha ikachepa, deta ya ma client imasiyana kwambiri). Client aliyense ndampatsa num-cpus 1 ndi num-gpus 0.1.

Mavuto alipo awiri. Raundi yoyamba ikungoyamba n'kufa ndi CUDA out of memory. Ndikachotsa GPU n'kusiya CPU yokha ntchito ikuyenda, koma accuracy ikungokhala pa 10%. Kodi ma client 100 achuluka pa kompyuta imodzi? Nanga ndingadziwe bwanji ngati cholakwika chili mu code kapena ndi kagawidwe ka deta?

Chisomo_K

A Thoko, ma client 100 si ambiri. Chofunika n'chakuti ndi angati akuphunzira pa nthawi imodzi. Simulation ya Flower imadalira Ray, library yogawira ntchito ku ma CPU ndi GPU, ndipo Ray imangoyerekeza zomwe kompyuta ili nazo ndi zomwe client mmodzi wapempha. Kwa inu, CPU ikulola 8, GPU ikulola 10, ndiye akuyenda limodzi ndi 8, ena onse akudikira pamzere.

Chimene chimasocheretsa ambiri ndi num-gpus. Mukalemba 0.1, Ray siiika malire aliwonse pa memory ya GPU. Nambalayo ndi yowerengera basi, client akhoza kudya 3 GB popanda womuletsa. Ma process 8 pa 8 GB ndiye kuti aliyense ali ndi 1 GB, ndipo CUDA context yokha ya process iliyonse imatenga ma MB mazana angapo modelo isanalowe n'komwe.

Yambani ndi num-gpus 1.0 kuti aziyenda mmodzimmodzi. Tsegulani nvidia-smi, onani memory yomwe client mmodzi akufika nayo pachimake, onjezani pang'ono, kenako werengerani kuti akwana angati. Akamafika 1.7 GB, ikani num-gpus 0.25 ndi num-cpus 2, aziyenda 4. Num_workers ya DataLoader ikhale 0, chifukwa ma core mwawagawa kale.

Muonenso RAM. ResNet-18 ili ndi ma parameter pafupifupi 11 miliyoni, pa float32 ndi 45 MB. Fraction_fit (gawo la ma client osankhidwa pa raundi) ikakhala 1.0, seva imalandira ma weight a onse 100 isanawaphatikize, 4.5 GB pa raundi imodzi. Ikani 0.1, azisankhidwa 10 okha. Ngati muli mu Docker, /dev/shm imayamba ili 64 MB basi pomwe Ray imasungako zinthu zake, choncho ikulitseni ndi --shm-size.

Mphatso.dev

Za 10% zija: CIFAR-10 ili ndi magulu 10, ndiye modelo yongolotera imapeza 10%. Apa si kuti ikuphunzira pang'onopang'ono, siikuphunzira n'komwe. Alpha 0.1 imatsitsa accuracy ndithu, koma siikayikitsa choyamba. Code ndiyo yoyamba kufufuzidwa, ndipo pali njira yoiyesera yomwe yankho lake limadziwika kale.

Tengani zithunzi 1,000 ndi kamodelo kakang'ono kopanda BatchNorm (layer yolinganiza manambala motengera batch) ndi dropout. Gawani kwa ma client 4 mosalingana: 100, 200, 300, 400. Onse ayambire pa ma weight ofanana, SGD yopanda momentum, ndipo aliyense achite sitepe imodzi yokha pa deta yake yonse ngati batch imodzi. Onse 4 alowe mu raundiyo. Pambali, popanda Flower, chitani sitepe imodzi yomweyo pa zithunzi 1,000 zonse pamodzi, learning rate yomweyo.

Mwa masamu zotsatira ziwirizi n'zofanana, chifukwa FedAvg, njira yomwe seva imaphatikizira ma weight, imapatsa client aliyense gawo molingana ndi kuchuluka kwa deta yake. Yerekezani ndi torch.allclose, atol 1e-5. Zikasiyana, cholakwika chili mu code, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa izi. Client sakulowetsa ma weight ochokera ku seva asanayambe kuphunzira, ndiye raundi iliyonse akuyambira pa modelo yatsopano, ndipo kuphatikiza ma modelo oyambira kosiyanasiyana kumatulutsa zopanda pake. Kapena num_examples ikubweza len(trainloader), yomwe ndi chiwerengero cha ma batch, m'malo mwa len(trainloader.dataset). N'chifukwa chake ndati magawo akhale osalingana. Akakhala ofanana cholakwika chachiwirichi sichioneka.

Izi zikatheka, bwererani ku ResNet-18 koma ndi IidPartitioner (IID, kugawa deta mofanana kwa onse) ndi ma client 10. Accuracy iyenera kuchoka pa 10% m'maraundi ochepa oyamba. Dirichlet ibwere pomaliza, mutsike nayo: alpha 10, kenako 1.0, 0.5, ndiye 0.1.

Thoko_M

Zikomo a Chisomo ndi a Mphatso. Memory yakhazikika ndi 0.25. Kamodelo kaja zotsatira zafanana, koma ResNet-18 ikadali pa 10% ngakhale ndi IID. Loss ya ma client ikutsika bwino, chomwe chikulephera ndi evaluation ya pa seva. Ma weight ndikutumiza ndi model.parameters().

Dalitso_N

Pamenepo ndiye pali vutolo, a Thoko. Model.parameters() siiphatikiza ma buffer a BatchNorm, running_mean ndi running_var. Pophunzira BatchNorm imagwiritsa ntchito mean ndi variance za batch yomwe ili m'manja, n'chifukwa chake loss ya client ikuoneka bwino. Seva ikaitana model.eval() imatembenukira ku ma buffer, ndipo poti sanatumizidwe akadali pa 0 ndi 1 monga pachiyambi. Tumizani state_dict() yonse. Mkati mwake muli num_batches_tracked yomwe ndi int64, samalani nayo pophatikiza ndi pobwezera.

Ngakhale mukonze izi, pa alpha 0.1 BatchNorm idzakuvutitsanibe. Client wokhala ndi zithunzi za magalimoto ndi sitima zokha amatulutsa ma statistics osiyana kwambiri ndi wa amphaka ndi agalu, ndipo avareji yawo siikwanira aliyense. Ine ndingasinthe BatchNorm yonse kuika GroupNorm, yomwe siisunga ma buffer otere. Mukaisiya, dziwaninso kuti ResNet-18 ya torchvision pa zithunzi za 32x32 imafika pa 1x1 mu layer4, ndiye batch yomaliza ikatsala ndi chithunzi chimodzi BatchNorm imagwa ndi error. Drop_last=True imathetsa izi, ndipo min_partition_size ya DirichletPartitioner ikhale yosachepera batch size, apo ayi client wina adzatsala wopanda batch ngakhale imodzi. Ma local epoch akhale 1 kapena 2. Akachuluka, ma client amatalikirana kwambiri asanaphatikizidwe, vuto lomwe FedProx, njira ina m'malo mwa FedAvg, inapangidwira.

Chisomo_K

Ndiwonjezepo ziwiri. Mu simulation, client amapangidwa mwatsopano raundi iliyonse, ndiye zomwe mwasunga mu self zimatayika, kuphatikizapo momentum ya optimizer. Chofunika kukhalapobe chiikeni mu context.state. Seed ikhale yokhazikika pa kagawidwe ka deta ndi pa ma weight oyambira, ndipo poyerekeza njira ziwiri muyendetse ndi ma seed osachepera 3, chifukwa pa alpha 0.1 kungosintha ma client osankhidwa kumasuntha accuracy kwambiri.

Chachiwiri, simulation siiyesa netiweki. Palibe client wochedwa, palibe wodukira pakati, TLS (encryption ya pa netiweki) siikhudzidwa, ndipo nthawi ya raundi yomwe mukuona ndi ya mzere wodikira GPU, musaiwerenge ngati liwiro la ntchito yeniyeni. Kuti muyese mbali imeneyo pa kompyuta yomweyo, yatsani SuperLink imodzi (mbali ya seva mu Flower) ndi ma SuperNode (mbali ya client) 2 kapena 3 ngati ma process osiyana, aliyense pa port yake. Ku NVIDIA FLARE, framework ina ya federated learning, kusiyana kwake n'komweku: nvflare simulator ndi yoyesera code, nvflare poc imayatsa seva ndi ma client padera. Zikamayenda, chedwetsani loopback (netiweki ya mkati mwa kompyutayo) ndi tc netem ya Linux, mwachitsanzo delay 200ms, kenako muphe SuperNode imodzi pakati pa raundi muone ngati seva ipitirira kapena ingodikira. Ikangodikira, onani min_available_clients ndi round timeout.