Za galu wathu wa miyendo itatu uja

Mwezi watha ndinafunsa ngati galu angathe kukhala ndi miyendo itatu, wathu atagundidwa ndi njinga yamoto kuno ku Ulongwe, ku Angónia. Ena munati tingomupha. Ayi ndithu abale, Tigre ali moyo!

Adokotala a ziweto ku Tete anamudula mwendo wakutsogolo, ndipo ulusi anachotsa patatha masabata awiri. Chovuta chinali kunyambita bala, mpaka tinamuveka m'khosi kandowa kapulasitiki koboola pansi. Miyendo yakutsogolo ndiyo imasenza pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwa galu, n'chifukwa chake amatopa msanga, ndipo pasimenti amaterereka. Tamuyalira mphasa. Nsima tachepetsa, adokotala akuti asanenepe.

Koma nkhuku za aneba, ha, wayambanso kuzithamangitsa.