Kodi mankhwala ogonetsa odwala amatani ndi ma enzyme a m'maselo?

Akuluakulu, ndithandizeni. Zoti mankhwala ogonetsa a propofol amalimbikitsa ma receptor (mapuloteni olandira uthenga pa maselo a ubongo) otchedwa GABA-A, pomwe a ketamine amatseka otchedwa NMDA, ndazimvetsa. Mutu ukundizungulira pa ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) opereka uthenga mkati mwa selo, makamaka protein kinase C.

Mu 1984 asayansi Franks ndi Lieb anaonetsa kuti mankhwala ogonetsa amafooketsa luciferase, enzyme yowalitsa ziphaniphani, popanda mafuta a khungu la selo. Ndiye kuti amagwira puloteniyo mwachindunji. Nanga isoflurane, mankhwala ogonetsa opumira, akasintha ntchito ya protein kinase C, zimathandiza kugonetsa wodwala kapena zimangochitikira limodzi? Pa nyama, protein kinase C yomweyi imatengako mbali pomwe isoflurane akuteteza mtima wosalandira magazi okwanira. Kwa anthu zimatero? Inu ogonetsa odwala pa opaleshoni, ndimasulireni chonde.