Besi ili bwino mu studio, koma mu minibasi ikuphimba mawu

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndamaliza mix (kusakaniza mawu ndi zida zoimbira) ya nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu pa pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio. Pa masipika anga a Yamaha HS5 zonse zimamveka bwino. Dzulo ndinapempha dalaivala wa minibasi kuti aiyike, ndipo ndinagwidwa manyazi: besi inameza mawu a azimayi onse, chitseko chili njenjenje. Chondipweteka n'chakuti mahedifoni anga a ATH-M50x ankandiuza kale kuti besi yachuluka, ine osawakhulupirira. Ndizidalira chiti?

Mkulu wa ku Area 25: Achimwene, musanaloze chala masipika, tiuzeni za chipindacho. N'chachikulu bwanji, ndipo mumakhala pati?

Wa ku Chilomoni: Mamita 3 mbali zonse, makoma a simenti, pamwamba siling'i. Tebulo ndi lalikulu, ndiye mpando umafika pakati penipeni. Ndinamata matileyi a mazira kukhoma.

Mkulu wa ku Area 25: Vuto ndi limenelo. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye pakati pa makoma otalikirana mamita 3 mafunde a besi a pa 57 Hz (ogwedezeka ka 57 pa sekondi) amagunda khoma n'kubwerera, n'kumakumana okhaokha. Kukhoma ndi m'makona amakula, koma pakati pa chipinda amafafanizana. Inuyo mwakhala pomwe besi imasowa, ndiye mumangoiwonjezera. Popeza mbali zonse n'zofanana, vutolo likuchitika kawiri pamalo amodzi. Yesani izi: ikani nyimboyo, imirirani, pitani pakona. Mumva zomwe munamva mu minibasi muja. Komanso HS5 ndi sipika ya mainchesi 5, pansi pa 54 Hz siyifika kwenikweni.

Mlongo wa ku Mzuzu: Matileyi a mazirawo chotsani, bambo, sagwira besi ngakhale pang'ono, komanso moto ukabuka ndi oopsa. Ine ndinaimika matiresi akale okhuthala m'makona awiri a kutsogolo ndipo zinasinthako. Mukapeza rockwool, ubweya wopangidwa ndi miyala umene umameza phokoso, ndiye bwino koposa. Koma musathawire ku mahedifoni kotheratu. Khutu lililonse limamva mbali yake yokha, ndiye panning (kugawa mawu kumanzere ndi kumanja) imaoneka yotakata kuposa mmene ilili, ndipo tinthu ting'onoting'ono timamveka pafupi kwambiri. Ine ndinkasiya mawu a wotsogolera ali pansi chifukwa m'mahedifoni ankamveka bwinobwino, pa wailesi n'kusowa.

Mkulu wa ku Area 25: Zoona mlongo. Ine ndimagawa ntchito. Besi, kick (ng'oma yaikulu), kupuma kwa woimba ndi timaphokoso tobisika ndimaweruza pa mahedifoni. Kukweza kapena kutsitsa mawu, panning ndi reverb (kumveka ngati mawu ali m'holo) ndimaweruza pa masipika, motsitsa voliyumu moti n'kumacheza ndi munthu osakuwa. Masipika awiri ndi mutu wanu zitalikirane mofanana, ma tweeter (timasipika ting'onoting'ono ta mawu okwera) alunjike m'makutu. Sunthani mpando uchoke pakati, uyandikire kutsogolo. Muikenso mu project nyimbo ya kwaya yomwe mukudziwa kuti imamveka bwino paliponse, muzifanizira.

Mlongo wa ku Mzuzu: Musaiwale kumveranso nyimboyo pa mono (mawu onse akutuluka pa sipika imodzi) ndi pa foni. Anthu a kwayawo adzatumizirana pa WhatsApp, ndipo kasipika ka foni sikatulutsa besi yakuya. Kuika saturation (kukhakhalitsa kamvekedwe) pang'ono pa besi kumathandiza kuti izimvekabe.

Wa ku Chilomoni: Ndapita pakona paja, akulu, mpaka chifuwa kunjenjemera. Ndachotsa tebulo lalikulu, ndaika laling'ono, ndatsitsa besi ndi 4 dB ndikumvera pa mahedifoni. Mawa m'mawa ndikwera minibasi yomweyo popita ku Limbe, ndikuuzani mmene azimayi aja akumvekera.