Msewu wa Chipata mpaka Lundazi uli bwanji tsopano?

Abale anga muli bwanji nonse. Ndithandizeni inu amene mwayenda msewu wa Lundazi mwezi uno. Ndili ndi matumba a soya ndi nshawa kumudzi kwa amalume kufupi ndi Lundazi boma, ndifuna kuwabweretsa ku Chipata ndi kanta mvula ya Novembala isanayambe, koma mtima sukukhazikika. Ulendo watha tinachoka m'mawa kwambiri tinafika dzuwa litapendeka, maenje okhaokha, penapake tala inatheratu dalaivala amangoyenda m'mbali mwa msewu, tayala linaphulika ndipo matumba awiri anang'ambika soya yonse pansi, ndinamva kuwawa chifukwa ndi thukuta la amalume la chaka chonse.

Ndiye funso langa, kodi pali pamene akonza kapena zikadali momwemo? Timilatho tating'ono tija madzi amadutsa pamwamba pake nanga, kanta yodzaza ingawoloke bwinobwino?

Chinanso, katunduyu mwina apitirira mpaka Lusaka ngati mtengo kuno sundikomera. Great East Road kuchoka ku Mwami mpaka pa Luangwa ndiidziwa, anaikonza bwino ndipo toll gate ya ku Katete ndimalipira mosadandaula. Koma kupitirira mlatho wa Luangwa uja wa 1968, m'mapiri a ku Rufunsa, ndi kale ndinapitako. Malole amadikira nthawi yayitali bwanji pa mlathopo masiku ano?

Madalaivala a mabasi ndi makanta chonde ndiuzeni zoona zake, ndisanalipire mwini motoka. Zikomo kwambiri.