Mayi anati "ndalakwa", khoti linalemba kuti wavomera. Ndilowera pati?

Paralegal wa ku Kamwendo:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Lachiwiri ndinali kundende, ndapeza mayi akuseweza zaka 3 pa gawo 238 la Penal Code, kuvulaza modetsa nkhawa. Akuti anawotcha dzanja la mwana wake wa zaka 6 chifukwa choba ndiwo. Plea of guilty, nkhani inatha tsiku lomwelo. Koma mwanayo ali ndi matenda akugwa. Munali mu June, mayi anatereka nyemba n'kuthamangira kumjigo, pobwera anapeza mwana ali thapsa, dzanja lili pamakala. Dzulo ndakwera kabaza mpaka kumudzi. Agogo ake anditulutsira buku la kuchipatala m'jumbo ya shuga, lakuda bii ndi utsi, koma phenobarbitone, mankhwala a khunyu, akuoneka bwinobwino masamba anayi. Tsamba la mu May analemba kuti mankhwala atha. Bukuli kukhoti silinafike. Lipoti lomwe prosecutor anawerenga ndi mizere iwiri, yongoti mwana wapsa dzanja lamanja. Wokanena kupolisi ndi mlamu wake yemwe akukanganirana naye munda. Ndinamufunsa mayiyo kuti nanga munavomereranji? Akuti, "Anandifunsa ngati ndalakwa, ine ndinati ndalakwa, poti ndinamusiya yekha ndi moto." Basi! Miyezi 4 yadutsa, masiku 10 operekera notice ya apilo anapita kalekale. Apilo yochedwa kapena review, yoti Khoti Lalikulu liitanitse fayilo n'kuunikanso? Chonde wina asandiuze kuti ndidikire confirmation, kuti Khoti Lalikulu lidzatsimikize chilangocho.

Madala Kalaliki:
Mwana wanga, wavomera wavomera. Gawo 348 la Criminal Procedure and Evidence Code silinasinthe: wovomera yekha mlandu sapanga apilo pa chigamulo, koma pa chilango chokha. Pemphani kuti zakazo zitsike. Woyamba kupalamula, ana aang'ono pakhomo, mfundo zilipo. Zinazo mutaya nthawi.

Loya wa ku Lilongwe:
Madala, 348 imagwira pamene plea ili yeniyeni. Werenganinso 251. Khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, liyenera kutsimikiza kuti akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera popanda "koma". Mayiyu anavomera kusiya mwana pafupi ndi moto, sanavomere kugwira dzanja n'kuliika pamoto. Izi ndi nkhani ziwiri. Achemwali, musanasankhe khomo, pezani kaye record, zolembedwa zonse za m'khoti tsikulo. Onani zomwe anayankha atawerengeredwa facts, ndi zomwe ananena pa mitigation, popempha kuti chilango chichepe. Ngati penapake pali mawu oti "anagwa" kapena "amadwala", ndiye majisitireti anayenera kusintha plea pomwepo. Zikatero review, 360 mpaka 362, ndi njira yachidule. Ngati record ili yosalala, mufunika apilo yochedwa, ndi chifukwa chomveka chochedwera, ndi pempho loti buku lija lilowe ngati umboni watsopano. Yachiwiriyi ndi yolemera, ndipo si yanu. Kalembetseni ku Legal Aid Bureau, Khoti Lalikulu lifuna loya.

Paralegal wa ku Kamwendo:
Record ndapita kawiri. Koyamba akuti fayilo ili kotayipa. Kachiwiri akuti wamakiyi wapita kumaliro.

Madala Kalaliki:
Record yotayipayo mukaipeza mudzaona mzere umodzi woti wavomera, ndi chidindo cha chala. Ndakhala pampando umenewo zaka zambiri, ndikudziwa zomwe zimalembedwa. Jaji saweruza zomwe mayi akuuzani kundende, amaweruza zomwe zili papepala. Ndikubwereza, menyani pa chilango.

Wachitetezo cha Ana:
Ine langa ndi chenjezo. Musatumize chithunzi cha dzanja la mwanayo pano, kapena masamba a bukulo okhala ndi dzina. Lamulo la ana la 2010 lija silisewera pa zoulula mwana, ndipo magulu athuwa amadontha. Chachiwiri, buku lenileni musayende nalo m'chikwama. Jambulani tsamba lililonse, kopeyo idindidwe kwa commissioner for oaths, wolumbiritsa zikalata, lenilenilo lisungidwe ndi loya atasainira. Mukalisiya kumudzi, mlamu uja akangomva kuti nkhani yadzukanso, mawa mudzamva kuti mbewa zadya. Chachitatu, musamufunse mwanayo nokha. Adzati munamuphunzitsa zonena. Komanso inu, kodi mwanayo panopa ali ndi ndani? Akumwa mankhwala?

CO wa m'gulu:
Ku mbali yathu ya zachipatala. Munthu wakhunyu akagwera pamoto sachotsa dzanja, chifukwa sakumva chilichonse, n'chifukwa chake bala limakhala lakuya, kawirikawiri mbali imodzi, malire ake osalongosoka. Wogwidwa mwadala n'kuviikidwa m'madzi otentha, bala limakonda kukhala ndi mzere woongoka ngati wavala golovesi. Ndipo phenobarbitone ukamusiya mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Komabe samalani, chipsera cha miyezi 4 sichilankhula ngati bala la tsiku loyamba. Musayembekeze kuti wina alemba kuti ndi khunyu ndithu. Adzalemba kuti zikugwirizana ndi khunyu, basi. Funani zomwe zinalembedwa tsiku lomwe anagonekedwa, ndi register ya odwala khunyu kumene ankalandira mankhwala. China chowawa: kumudzi ambiri amakhulupirirabe kuti khunyu amapatsirana ukakhudza malovu a wogwayo. N'zabodza, koma mwina alipo amene anaona mwanayo akuphupha n'kuima patali. Munthu wotero sadzabwera yekha kudzachitira umboni, manyazi.

Mnyamata wa ku Kasungu:
Nkhani ya "ndalakwa" imeneyi inandipezapo pa camp court kuno, khoti lochitikira kundende. Bambo wina wa pa esiteti ya fodya, mwana anamira m'chitsime cha padimba iye ali kuchigafa. Ku caution statement ya kupolisi ananena kuti mwanayu ndamupha ndine, poti chitsimecho anakumba yekha osatchinga. Wolembayo anangolemba momwemo. Bamboyo anakhala pa remand mpaka tsitsi kuyera m'mbali, nkhani isanalowe n'komwe. Tsiku lomwe jaji anabwera kundende, mvula inagwa yoti pansi pa mtengo sipakhalika, tinasamukira mukhonde, mafayilo tikufunditsa ndi malaya athu. Munthu wathu akaferedwa kapena mwana akavulala amadziimba mlandu yekha. Ndi kulira kumene kuja, koma cholembera sichidziwa kulira.

Loya wa ku Lilongwe:
Si kuno kokha. Ku Australia, Kathleen Folbigg anapezeka wolakwa n'kulowa m'ndende mu 2003 pa imfa za ana ake anayi. Umboni waukulu unali zomwe ankalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku, momwe ankadziimba mlandu ngati mayi. Anakhala zaka 20. Akatswiri atapeza kuti ana ake aakazi awiri anabadwa ndi vuto la m'majini lokhudza mtima, anamukhululukira mu June 2023, ndipo mu December chaka chomwecho khoti linafafaniza chigamulo. Kumeneko kunafunika ma labu. Inu umboni wanu uli m'jumbo ya shuga. Koma achemwali, musamulonjeze mayiyo kuti akutuluka. Khoti Lalikulu likapeza kuti plea inali yokayikitsa, litha kufafaniza n'kulamula kuti mlandu uyambirenso. Boma lithanso kubwera ndi mlandu wina wonyalanyaza mwana. Belo poyembekezera apilo nayo ndi yovuta, imafuna zifukwa zapadera. Mumuuze zonsezi iye asankhe.

Madala Kalaliki:
Mwamva? Mlandu uyambirenso. Ndiye mayi abwerere m'bokosi, mlamu abwere ndi mboni zake zitatu. Pomwe zaka 3 mukachotsa remission, nthawi yomwe amadula kundende, zatsala 2, miyezi 4 wadya kale, chilango chikatsika pa confirmation akhoza kukalima chaka chino. Ine za ku Australia sindizidziwa, ndidziwa 348.

Paralegal wa ku Kamwendo:
Madala, ndimakulemekezani, koma mayiyu sakulira zaka. Akulira dzina. Kumudzi akumutcha wowotcha ana, kumpingo anamuimika, mwana wamng'ono anamulanda. Atuluke ndi chigamulo chomwecho, akatunga madzi mjigo uti? Mayi a Chitetezo, mwanayo ali ndi agogo ake, mankhwala ayambiranso mwezi watha. Bwana loya, kalata yopempha review ndilembere Registrar wa Khoti Lalikulu mwachindunji kapena idzere kwa Chief Resident Magistrate? Ndipo confirmation ikapezeka kuti inachitika kale mwakachetechete, ndiye kuti chitseko chatsekeka?

Wachitetezo cha Ana:
Musapite nokha kwa majisitireti amene anaweruzayo kukamuonetsa bukulo. Ake anatha, sangasinthe kanthu, mungodana naye pachabe ndipo mawa muli ndi mafayilo ena patebulo pake.

Mnyamata wa ku Kasungu:
Amene akupita ku Lilongwe sabata ino andinyamulireko ma fomu awiri. Minibasi yakweranso, thiransipoti ya mwezi uno sinalowe.

Madala Kalaliki:
Kwa Registrar kapena kwa ndani, akakufunsani funso limodzi lomwelo: kodi sanavomere yekha?

CO wa m'gulu:
Achimwene a ku Kasungu, ine ndipita Lachinayi koma ndibwerera Loweruka. Zikwana?