Letesi wa m'zidebe uja wachira

Zikomo nonse amene munandiyankha pa za letesi ndi mpiru zomwe ndikulima m'madzi, popanda dothi, kuno ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Paja masamba ankachita chikasu, mizu n'kumanunkha.

Ndinatsata malangizo a achimwene amene munati ndisiye kudalira pampu, poti magetsi akazima mizu imabanika, ndiyese njira ya Kratky, yolima m'madzi ongokhala m'chidebe popanda pampu. Pano sindidzaza chidebe. Ndimasiya mpata pansi pa chivindikiro kuti mizu yakumtunda izipuma. Ndinakulunganso zidebe ndi pulasitiki yakuda, ndere zomwe zinkamera m'madzimo zinatheratu. Mizu yatsopano yatuluka yoyera mbee, ndipo mpiru tayamba kale kuthyola. Amayi amene munanena za pH, muyezo wa asidi m'madzi, munalasa: ndi timapepala toyezera ndikuisunga pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Kwa amene mukuyamba kumene, feteleza wa calcium nitrate ndi wa Epsom salt muzisungunula payokhapayokha musanathire m'chidebe, apo ayi zimaundana pansi ngati choko, mbewu osadya kanthu. Komanso mvula ya ku Mzuzu kuno imasukulutsa feteleza, choncho zidebe zizikhala pakhonde pofika dzuwa lam'mawa. Tomato ndiyamba chisanu cha Juni ndi Julayi chikadutsa.