Mfumu yoipa yayamba kumvetsa chisoni, nditani nayo?

Moni nonse alembi anzanga. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Ndikulemba buku lalitali la nkhondo za maufumu ongopeka ndi matsenga, mitu 40, ndipo ndaima pamutu 22. Vuto ndi mfumu yoipa. Ndinaipatsa chifukwa chomveka: imalanda chimanga m'nkhokwe za kumidzi kuti idyetse mzinda wake m'chaka cha njala. Tsopano anthu atatu amene awerengako akuti sakudziwa woti amuchemerere pankhondo yomaliza.

Ndayesa njira ya Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, pomwe Sauron, mdani wamkulu wa m'nkhaniyo, saonekera n'komwe, kuipa kwake n'kosakayikitsa, ndipo kulimbana kwa mumtima kumasiyidwira anthu ena a m'nkhaniyo ngati Boromir ndi Gollum. Koma nditatero, mfumu yanga inangosanduka chidole. Ndayesanso ya George R. R. Martin, mlembi wa mabuku a A Song of Ice and Fire: msilikali Jaime Lannister amakankha mwana pazenera m'buku loyamba la 1996, koma maganizo ake timadzawamva m'buku lachitatu, titadana naye kale. Ine ndinalowa m'maganizo a mfumu pamutu 4, mwina ndinafulumira.

Kodi mitu ya mfumuyi ndiisunthire kutsogolo, kapena ndiipatse mlandu umodzi wosakhululukika, monga kutentha chimanga chimene yalephera kunyamula, ana akuonerera? Nanga mlandu woterewu ugwe pamutu uti?